Mpando Umene Achimwene Anasiya

Galimoto inakana kulira m'mawa wa Lachinayi. Mzime anapotokola kiyi, sitata inazungulira mopepuka ngati ikumuseka, koma injini sinagwire. Anayesanso, n'kuyesanso, mpaka fungo la petulo linadzaza galaja yonse. Kenako anangokhala phee, nsonga za zala zakuphazi zili pa kilachi, akuyang'ana kalilole wamkati amene ankangomuonetsa denga la galimoto.

Inali galimoto ya achimwene ake, yofiira, yaifupi msinkhu moti polowa munthu ankachita ngati akukhala pansi. Anaigula yakale, itadutsa kale m'manja mwa anthu ena, ndipo ankaitchula kuti mkazi wamkulu ngakhale mkazi wawo weniweni ali pomwepo. Injini yake sinali ngati ya magalimoto ena. Inalibe mapisitoni. Mkati mwake munali zitsulo ziwiri za ngodya zitatu zimene zinkangozungulira, ndipo inkamwa oyilo mwadala monga mmene inkamwera petulo. Ankaitcha rotare. Mzime anawerengapo za injini zoterezi pafoni kamodzi kokha. Atangoona mawu akuti zambiri sizikalamba, anazimitsa foni ndipo sanafufuzenso.

Achimwene anadwala impso kwa nthawi yochepa. Mzime anasiya koleji kuti aziwadikirira kuchipatala, ndipo maliro atatha sanabwerereko. Palibe anamufunsa mokweza. Kiyi wa galimotoyo achimwene anamupatsa ali pabedi, dzanja litatupa ngati si lawo.

"Usaiphe," anatero. Anafuna kuwonjezera zina, koma namwino analowa ndi jakisoni, ndipo nkhani ya galimoto inathera pomwepo.

Achimwene anali ndi chizolowezi chimene nyumba yonse inkachidziwa. Akalowa pageti sankangozimitsa. Ankayamba aponda moto kuti injini ikuwe kamodzi, mawu ake okwera ngati a njuchi yaikulu, n'kuidula ili pakati pokuwa. Amayi akamva zimenezo ankateleka madzi a tiyi. Mzime ankati ndi matama chabe.

Patapita masiku angapo chichitikire maliro, Mzime anailiza galimotoyo n'kuchita chimodzimodzi, osaganiza n'komwe. Kukhitchini kapu inagwa. Amayi anatulukira pakhomo akumwetulira, manja ali ndi thovu la sopo, ndipo Mzime anaona kumwetulirako kukuchoka pankhope yawo atazindikira amene anali pachiwongolero. Anabwerera kukasesa zidutswa za kapu ija.

Kuyambira tsiku limenelo ankailiza mwakachetechete. M'mawa uliwonse ankalowa m'galaja, kuiliza pang'ono kuti batire isafe, n'kuizimitsa msanga amayi asanaimve bwino. Lamlungu ankaitulutsa kukaima pafupi ndi mpopi, kuitsuka, n'kuibweza. Ankayang'ana oyilo ngakhale inali isanayende. Ndipo sankasuntha kanthu mkatimo. Achimwene anali aatali, iye anali wamfupi ngati amayi, koma mpando unakhalabe kumbuyo komwe anausiya, ndi kalilole yemwe. Mpandowo unali ndi chidikha cha msana wa munthu wina, ndipo Mzime akakhalamo ankamva ngati wakhala pamiyendo pawo monga ankachitira ali mwana.

Makanika wa pakona anabwera chakumasana. Anatsegula boneti, kusuzumira, n'kuitsekanso bwinobwino ngati akufunditsa wodwala.

"Rotare? Ayi aise, ine ndili ndi ana. Izi zikakana zakana."

Amalume anafika madzulo, dzuwa lisanalowe. Anali mlongo wawo wa amayi, munthu wamimba yaikulu ndi mtima wosaipa, amene ankayendetsa zinthu zonse za pabanjapo chimwalirire bambo. Anaima pakhomo la galaja akununkhiza.

"Chidole chafa?"

"Sichinafe, amalume. Changokana."

"Nanga kufa kumayamba bwanji?" Anazindikira zimene ananena, natsokomola. Kenako anatsitsa mawu. "Mphwanga, amako sakugona. M'mawa uliwonse amakhala pabedi kudikira kuti amve kachinthu aka kakung'ung'udza. Iwenso wasanduka mlonda wa galaja. Ndili ndi mnzanga wogula magalimoto akufa, amaphwasula n'kugulitsa zitsulo. Loweruka ndibwera ndi chigalimoto chokokera. Ikakhala ikuyenda, ndi yako, sindilanda chamwini. Koma ikakhala chonchi, ichoke pano."

Amayi anali pakhonde akumva zonse.

Lachisanu m'mawa Mzime anapukuta galimoto imene inali yopukutidwa kale. Ankaganiza za anthu osawadziwa akutulutsa mpando uja ndi masipanala n'kuuponya pamulu wa mipando ina, mvula ikuuvumba. Anali akadali ndi chiguduli m'manja pamene mlamu wake analowa pageti. Mkazi wa achimweneyo anabwerera kwa makolo ake maliro atatha, koma ankabwera kudzaona apongozi ake akakhala kuti sali kuntchito. Anali ataonda, diresi likumulendewera m'mapewa. Anaima, nakweza mphuno.

"Alamu, mwamutani mkazi mnzanga? Fungo lonseli?"

"Wakana kulira."

"Munamulakwira chiyani? Ameneyu sakwiya popanda chifukwa. Ine ndakhala naye pamitala, ndimamudziwa."

Mzime anafotokoza zonse, mmene ankaisamalira, mmene sankaivutitsa. Ananena monyadira pang'ono, chifukwa chinali chinthu chokhacho chimene ankachita bwino miyezi yonseyi. Mlamu anamvetsera atapinda manja.

"Mumaizimitsa isanatenthe?"

"Eya. Kuti isatope."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Mlamu anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anakhala pachitini cha penti chimene chinali pafupi ndi khoma.

"Mwaimwetsa petulo mpaka yatsamwa. Injini iyi ikakhala yozizira imamwa mafuta ambiri. Mukaidula isanatenthe, mafutawo amatsala mkati n'kunyowetsa mapulagi. Ine ndinachitapo zimenezi tili pachibwenzi. Ndinangoisuntha pang'ono kuti lole idutse, n'kuzimitsa. Akulu anu sanandilankhule mpaka masana. Ndiye anabwera ndi maluwa, koma anayamba aika kaye oyilo m'galimoto."

"Ndiye kuponda moto kuja pageti?"

"Ankati akupsereza zotsala. Mumati n'chiyani?"

"Matama."

"Theka anali matama," anatero mlamu. "Ankakonda kunena kuti galimoto iyi ukainyengerera imafa. Imafuna kuthamanga, itenthe, itulutse mwaye."

Mzime anayang'ana chiguduli chimene chinali m'manja mwake. Mawu a pabedi lachipatala aja anabwerera, ndipo anaganiza kuti mwina izi n'zimene namwino anadula ndi jakisoni wake.

"Ndiye ndaipha."

"Mwina ayi. Lowani. Pondani kilachi, kenako pondani moto mpaka pansi penipeni, chitsulo chigunde. Mukatero galimoto imadula mafuta yokha, ndiye mukapotokola kiyi imalavula amene atsala mkati. Koma chigunde ndithu. Chikatsala pang'ono, ndiye kuti mukuithira ena."

Mzime analowa. Anatambasula mwendo wamanzere mpaka kilachi inatsika, natambasulanso wamanja. Nsonga ya nsapato inakankha chopondera mpaka chapakati, n'kuthera pomwepo. Anatsetsereka pampando, msana utapindika, chibwano chili pachifuwa, koma phazi lamanzere linayamba kuterereka.

"Sunthani mpando," anatero mlamu ali pawindo.

"Ndipeza njerwa."

"Ikalira mudzafuna kuchotsa phazi nthawi yomweyo. Njerwa ilibe makutu. Sunthani mpando, alamu."

Mzime anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Mlamu anayang'ana mpandowo, kenako kalilole wopenya kudenga uja, ndipo anamvetsa. Anatsamira chitseko.

"Simunausunthepo."

"Ayi."

"Ine tawulo yawo ndinaitenga kunyumba kuja osaichapa. Ili m'pulasitiki pansi pa sutikesi. Fungo linatha kalekale, koma sindiitulutsa, kuopa kutsimikiza kuti linatha." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Sindikuuzani kuti n'zopepuka. Ndikadakuchitirani, koma inenso ndine kafupi, ndikadausuntha ndithu. Akulu anu anakwatira wamfupi, anabadwa ndi wamfupi, kenako n'kutisiyira mpando wa nyamalikiti."

Mzime anaseka mosafuna, ndipo m'maso munadzaza misozi. Kunja mwana wa oyandikana nawo ankamenyetsa mpira kukhoma. Kenako analowetsa dzanja pansi pa mpando, napeza kachitsulo kozizira, nakakweza. Mpando unatsetserekera kutsogolo mosavuta ngati unkadikira, n'kugwira ndi kaphokoso kakang'ono. Msana wake unachoka m'chidikha chija.

Chopondera chinagunda pansi. Anapotokola kiyi, sitata inazungulira, palibe chinachitika. Mlamu anati adikire kaye kuti sitata ipume. Anayesanso kangapo, ndipo batire inayamba kumveka kuti ikutopa. Ulendo wina injini inatsokomola kamodzi.

"Tsopano chotsani phazi, muilize bwinobwino."

Inatsokomolanso, inanjenjemera, inafuna kufa, kenako inagwira. Utsi woyera unatuluka kumbuyo n'kudzaza galaja moti mlamu anasowa m'maso mwake kwa kanthawi. Mu utsimo munaima munthu amene nkhope yake sinkaoneka, ndipo mtima wa Mzime unadumpha asanaukanize. Kenako chitseko cha mbali inayo chinatseguka, mlamu analowa akutsokomola.

"Musazimitse. Tiyeni nayo."

Pobwerera m'mbuyo sankaona kanthu, choncho anakweza dzanja n'kutsitsa kalilole. Munaoneka maso. Anali ake, koma zikope zolemerazo ndi kamzere ka pakati pa nsidze zinali za kwawo, ndipo anachotsa maso msanga.

Anadutsa pasitolo ya matayala, pasukulu, pamalo omwetsera mafuta, mpaka nyumba zinayamba kutalikirana ndipo msewu unawongoka. Kasingano ka kutentha kanakwera pang'onopang'ono mpaka pakati. Mzime ankasintha magiya msanga, mwaulemu.

"Mukuyendetsa ngati mwanyamula mazira," anatero mlamu. "Isiyeni m'giya yomweyo. Pondani mpaka kabelu kalire."

Anaponda. Mawu aja anakwera, nakwerabe, osalala, opanda kugunda kwa injini zina, mpaka anafika pamene Mzime anali asanawamve chigonekedwere achimwene m'chipatala. Kabelu kanalira pa dashibodi. Anasintha giya. Atacheuka anaona mlamu atatseka maso, dzanja lake lamanja lili pamphepete pa mpando wa dalaivala, pamene kale pankakhala bondo la munthu wamtali. Panalibe bondo pamenepo. Mzime anayang'ananso kutsogolo, nayendetsabe mpaka anatembenuka kubwerera kunyumba.

Atalowa pageti anaimika galimoto patsogolo pa galaja. Injini inkang'ung'udza, yotentha. Katani ya pawindo la kukhitchini inali yotsegula.

"Amva," anatero Mzime.

"Amva kale potuluka paja. Mukhala mukuwabisira mpaka liti? Kunong'ona kwanu kwa m'mawa kuja n'kumene kumawasowetsa tulo."

Anaponda moto. Injini inakuwa kamodzi pabwalo lonse, ndipo anaidula. M'chetemo ankamva zitsulo zikuthetheka pozizira. Anadikira kuti amve kapu ikugwa.

Amayi anatuluka ndi kansalu kopukutira mbale paphewa. Sankamwetulira. Anayenda mpaka pagalimoto, nayang'ana mpongozi wawo, nayang'ana mwana wawo amene tsopano anali atakhala pafupi ndi chiwongolero, mawondo atapindika bwino.

"Ndinadziwa kuti ndiwe," anatero. "Mkulu wako ankachedwa kuchotsa phazi. Iwe umadula msanga." Anaika dzanja paboneti, nalichotsa chifukwa cha kutentha. "Uwaimbire amalume ako asabwere ndi chigalimoto chawocho, angatipondere maluwa. Lowani, madzi awira."

Mlamu anatsika n'kuwatsatira m'nyumba. Mzime anatsala. Atamva chitseko chikutsekeka, analowetsa dzanja pansi pa mpando, nakweza kachitsulo kaja, nakankhira kumbuyo kuti aubwezere pamene achimwene anausiya. Mpando unagwira. Anatambasula mwendo ndipo phazi linafika patali kuposa mmene ankakumbukira. Anaubwezanso kumbuyo pang'ono, ndipo tsopano kilachi sankaifika n'komwe. Anayesa pakati. Malo aliwonse ankaoneka ngati ndi omwewo, kenako ngati si omwewo. Anawerama kuyang'ana njanji za pansi pa mpando kuti mwina fumbi lasiya chizindikiro, koma anali atazipukuta yekha Lamlungu lililonse, ndipo zinkawala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Amayi anamuitana pawindo kuti tiyi akuzizira. Anayankha kuti akubwera, dzanja likadali pa kachitsulo.