Mawu Asanu ndi Awiri a Oddny

Pa makanema khumi ndi awiri amene Ragnhild anajambula Oddny akusewera ndi mwana wake, anasungapo mmodzi yekha. Ntchito yawo inkayenda choncho: ukatha kuonera ndi kholo, ufufute, usiye mmodzi wosonyeza pamene mwafika. Ndipo Ragnhild, zaka makumi awiri ndi zitatu akuthandiza ana ovutika kulankhula, anali asanaphwanyepo lamulo. Anzake ankamuseka kuti ngakhale zidole za m'chipinda mwake zimagona pamzere.

Oddny anamwalira mu Ogasiti, mtsempha utaphulika m'mutu ali pantchito ku fakitale ya nsomba. Mwana wake Tuva, wa zaka zinayi, anali atafika pa mawu makumi atatu, mawu opezeka movutikira, limodzilimodzi. Tsiku la maliro anatseka pakamwa, ndipo mpaka Novembala uno anali asanatsegule. Lachiwiri lililonse ankabwera naye kwa Ragnhild bambo ake, Torgeir, amene ankayendetsa sitima yowolotsa magalimoto.

Sabata yatha, akumuveka mwanayo jekete, Torgeir anafunsa maso ali pa zipi.

"Paja munkawajambula, eti? Foni ya mkazi wanga ndi yokiya, nambala anapita nayo. Ine ndayamba kuiwala mmene mawu ake ankamvekera. Ndiye ndimati mwina uyunso akawamva amayi ake, lilime limasuka."

Ragnhild anavomera msangamsanga, mtima uli mbee kuti pali chimene angawapatse. Anadzamuonera kanemayo lero masana, akudya buledi wake wa tchizi, ndipo buledi uja anamusiya pa tebulo osamumaliza.

"Waona mzukwa kodi?" anafunsa Bodil, mnzake wa chipinda choyandikana, atasuzumira pakhomo ndi kapu ya khofi. "Kapena chidole china chagona chozondoka?"

"Choka apa iwe," anatero Ragnhild, koma kuseka kunamukanika.

Za mzukwazo Bodil sananame kwenikweni. Chimwalirireni Oddny, Lachiwiri lililonse nthawi ikamakwana thu koloko, Ragnhild ankamumva m'khonde. Ankamva nsapato za mvula zikugunda pansi, kenako liwu lija likuyambira kutali, nkhani ili pakati kale. Oddny anali wolongolola mochititsa kaso. Ankalowa akulankhula, kuvula nsapato akulankhula, kumufunsa mwana funso n'kudziyankha yekha, n'kutsutsanso yankholo. Mu kanema woyamba, pa mphindi khumi, Ragnhild anawerenga mawu a Oddny mpaka kutopa. A Tuva panalibe ndi limodzi lomwe.

"Mwana alowetsa pati mawu ake ngati inu simukusiya mpata?" anamufunsa tsiku limenelo.

Oddny anaseka mpaka misozi. "Mukundiuza kuti nditseke pakamwa? Mayi anga analephera, aphunzitsi analephera, Torgeir anagonja tisanakwatirane. Yesani inu!"

Ragnhild anayesa, ndipo anatha. Anali katswiri ndithu, zimenezo palibe ankatsutsa.

Thu koloko itakwana, m'khonde munamveka mapazi enieni. Torgeir analowa atanyowa mapewa, atanyamula makeke opyapyala a pa sitima, opaka batala ndi shuga, atawakulunga m'pepala. Tuva anavula yekha nsapato, n'kupita ndi masokosi ake a ubweya kukakhala pansi pa tebulo, pamene ankakhala masiku onsewa. Bambo ake anagwada n'kuyamba zawo zija.

"Ukufuna galimoto? Iyi? Yofiirayi? Nayi. Kapena kavalo? Eya, kavalo, tenga."

Bamboyu sanali wolankhulalankhula chibadwire. Ankangoopa bata, chifukwa kunyumba kwake linali litadzaza zipinda zonse.

"Torgeir," anatero Ragnhild, "musanaonere ndikuuzeni kaye..."

"Ingoyatsani. Ndakhala ndikudikira sabata yonse."

Anayatsa. Oddny anaoneka atakhala pa kapeti yomweyi, juzi lobiriwira, tsitsi atalimanga mwachisawawa. M'manja anali ndi kabotolo ka sopo wouzira thovu. Torgeir anatulutsa mpweya ngati munthu womenyedwa pamimba.

"Thovu," anatero Oddny wa mu kanema. Anauzira. "Phuu!"

Pansi pa tebulo, kavalo amene Tuva ankamuyendetsa anaima.

Kenako Oddny anatseka kabotolo, n'kukaika pa bondo, n'kungomuyang'ana mwana wake. Mphindi inatha. Ina inayamba. Mu kanemamo munkamveka mvula pa zenera ndi mpando wa Ragnhild ukulira.

"Mwatsitsa voliyumu kodi?" anafunsa Torgeir.

"Ayi."

Anaonera mpaka kumapeto. Oddny anati "Lina?" Patapita nthawi anati "Eya, lina." Pomaliza anati "Latha, mwanawe." Pa mphindi khumi zonse, mkazi amene ankalankhula ngakhale kutulo ananena mawu asanu ndi awiri.

"Chabwino, ikani ena aja."

"Ena ndinafufuta."

"Onse?"

"Timasunga mmodzi."

"Ndiye pa onsewo munasankha uyu?"

"Ndi mmene anachita bwino koposa," anatero Ragnhild, ndipo anadzimva yekha mmene mawuwo anaipira.

"Anachita bwino," Torgeir anabwereza pang'onopang'ono. Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mukudziwa kuti ine ndinkayesa wandikwiyira? Timakhala pa tebulo, mwana apa, iye duu. Oddny, duu! Ndinkafunsa kuti ndalakwanji, iye n'kungonditsinzinira diso kuti ndikhale chete. Anandiuza kuti ndi za kuno, koma ine sindinazimvetse, ndinkati pali china akubisa. Miyezi isanu ndi umodzi, mayi. Yomaliza."

Ragnhild anachita manyazi amene anali asanawamvepo pa ntchito imeneyi. Mayankho anali nawo, abwinonso, a m'mabuku: kuti njirayo ndi yoona, kuti mawu makumi atatu aja anabwera chifukwa cha bata lomwelo. Koma zoona zinalinso zakuti munthu anali ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala padziko, ndipo iye anaithera kumuphunzitsa kukhala chete, n'kufufuta paliponse pamene analephera. Anaganiza kuti bamboyu anyamula mwana wake ndipo sadzabweranso, ndipo sakanamuimba mlandu.

Torgeir anaimiriradi, n'kutenga jekete. Koma maso ake anali adakali pa kanema, pamene nkhope ya mkazi wake inaima.

"Tabwezani pakati paja."

Ragnhild anabweza.

"Apo. Milomo yake ikugwedera. Akupemphera?"

"Akuwerenga. Ndinamuuza kuti mawu akamuyabwa, aziwerenga kaye chamumtima mpaka khumi, kuti mwana apeze mpata."

"Ankafika?"

"Poyamba ankathera pa zitatu."

Torgeir anaseka, kuseka kowawa kotulukira m'mphuno. "Ameneyo ndiye Oddny. Zitatu zomwezo ndadabwa."

Anakhalanso pansi, jekete lili pamiyendo, n'kusendera pafupi. Ulendo uno sanamvetsere, anayang'ana. Anaona khosi la mkazi wake likumeza mawu. Anaona zala zikufinya kabotolo mpaka kuyera. Milomo ija inafika pa zisanu ndi zitatu, ndipo kamwana ka mu kanema, kali ndi tsitsi lalifupi kuposa lero, kanagwira bondo la mayi ake n'kunena momveka bwino kuti, "Lina." Oddny anadziluma chala kuti asakuwe. Maso ake anathamangira kwa wojambula, odzaza misozi, akufunsa ngati nayenso wamva.

"Zinkamupweteka," anatero Torgeir.

"Kwambiri. Akatuluka muno ankakalankhula ndi makina a khofi m'khondemo."

Palibe anaona nthawi imene Tuva anatuluka pansi pa tebulo. Anangomuona ali pa shelefu, atanyanyamphira, akutenga kabotolo ka sopo. Sanayang'ane kanema, sanayang'anenso Ragnhild. Anayenda ndi masokosi ake mpaka kwa bambo ake, n'kuika kabotoloko pa jekete lija. Chitsekerero chinali chomanga kwambiri, monga Ragnhild ankachimangira dala kuti mwana asathe kutsegula yekha.

"Ukufuna ndi..." anayamba Torgeir, dzanja lili kale pa chitsekerero.

Anaima. Anachotsa dzanja lija n'kuliika pa bondo. Ragnhild anaona milomo ya bamboyo ikuyamba kugwedera, ndipo naye anawerenga nawo chamumtima, tsitsi likumuyenda, chifukwa m'chipindamo munamveka ngati muli anthu anayi. Pa zitatu Torgeir anameza malovu. Pa zisanu ndi chimodzi Tuva anakweza maso n'kumuyang'ana kumaso, chinthu chimene anali asanachite chiyambire Ogasiti. Pa zisanu ndi zitatu anatsegula pakamwa pang'ono, mpweya wokha n'kutuluka. Khumi inakwana, ndipo mwanayo sananene kanthu.

Torgeir sanatembenuke. Anafunsa monong'ona, maso ali pa mwana wake.

"Ndafika pa khumi. Ndiye nditani?"

"Muyambirenso," anatero Ragnhild.

Tuva anali adakaima pomwepo, kadzanja kake kali pa bondo la bambo ake. Torgeir anakoka mpweya, n'kuyambanso pa chimodzi.