Gule wa pa Zitseko

Matabwa ovinirapo a bungwe la anthu osamva anawaba ndi Hajji Radwan, mkulu wake wa malemu Fawzi. Ndati kuba, osati kubwereka monga amanenera mwini wakeyo. Anabwera ndi lole Lachitatu m'mawa, natsegula mosungira katundu wa bungwelo ndi kiyi yomwe anaitola pamaliro a mng'ono wake, natuta matabwa onse kupita nawo kunyumba yosanja imene akumanga, kukatchingira simenti. Chikondwerero cha pachaka cha bungwelo chinali Loweruka. Iye ankadziwa bwino lomwe.

Khitam, mkazi wa malemuyo, anazitulukira Loweruka lomwelo atapita kukasesa pabwalo la holo ya bungwelo. Atasuzumira mosungiramo anangopeza mitanda yokhotakhota ndi fumbi.

Mvetsetsani kaye za matabwawa. Fawzi anabadwa wosamva ndipo anali kalipentala. Ndiye anawapala ndi manja ake zaka makumi awiri zapitazo. Amayalidwa pamitanda kuti kunsi kukhale mpata, ng'oma yaikulu n'kuikhazika pamwamba pake. Ikalira, kugunda kwake kumayenda m'thabwa mpaka kuzidendene za ovina. Munthu wosamva ng'oma amaimvera kumapazi. Simenti ndi yakufa, imameza zonse.

Khitam, amene amamva bwinobwino, analipo chaka chimene osamvawo anavinira pasimenti matabwa asanakhaleko. Phazi lililonse linkaponda nthawi yakeyake, ndipo tauni yonse inafa nacho chiseko. Wosamva kuseka sakumva ayi, amakuona, mano onse mbee! Fawzi anatha mwezi osatuluka m'nyumba. Tsono chaka chino, choyamba chimwalirireni iye, wotsogolera dabke, gule wovina pamzere moponda pansi mwamphamvu, anali mwana wawo Sundus, wosamva ngati bambo ake. Makalata oitana anthu anali atapita kusukulu, kumizikiti, ngakhale kumakomo kuja kumene amabisa ana osamva alendo akabwera. Onsewo amabwera kudzaona Sundus nthawi ya 4 koloko.

Khitam anamupeza Radwan pachimango cha nyumba yake ija, akumwa khofi pamthunzi wa lole.

"Alamu, matabwa aja."

"Mtendere ukhale nanu kaye, make Sundus. Kapena ulemu mwausiya kunyumba?"

"Ulemu ndili nawo m'chikwamamu. Ndiutulutsa mukatulutsa matabwa."

Radwan analoza kumwamba ndi kapu. Matabwa aja anali atayalidwa kudenga, atachirikizidwa ndi mizati, simenti ikudontha m'mipata mwake.

"Tathira dzana. Ndikasolola limodzi lero denga lonse litigwera. Masabata atatu, Mulungu akalola."

"Anawo avina masanawa!"

"Aa, alamu, tiyeni tizinena zoona. Agonthi ng'oma amaimva? Avinire pasimenti, pamchenga, ngakhale pamadzi, kusiyana kwake kuli pati? Ndipo musandione ngati munthu wouma mtima. Ndakutumizirani zokuzira mawu ziwiri, zazikulu ngati mafiriji."

Zokuzira mawu. Kwa anthu osamva. Munthu amene anagona chipinda chimodzi ndi Fawzi mpaka kukwatira, wosadziwa ngakhale kunena moni ndi manja. Khitam anafuna kumulavulira, koma anangotembenuka n'kumapita.

Pobwerera anapeza ovina onse khumi ndi anayi atasonkhana pabwalo. Muayyad, woimba ng'oma, nayenso wosamva, anali ataikhazika pasimenti. Ovinawo anavula nsapato kuti mwina khungu lithandize. Muayyad anamenya mpaka thukuta kamukamu, Khitam n'kutseka makutu, koma ovinawo anangoyang'anana. Anayesa kutsatira ndodo ndi maso, koma mzere wa dabke umazungulira, ndipo ukangofulatira ng'oma basi wasochera. Mtsikana wina anaponda mnzake, wina n'kukhala pansi.

Sundus anatembenukira mayi ake, manja ake akuyankhula mwachangu.

"Pansi pafa, amayi. Sindikumva kanthu."

"Ndiye tiwauze anthu kuti zalephereka."

"Chaka choyamba ababa kulibe? Kuti azinena kuti gule analowa nawo m'manda? Ndivina."

"Akuseka, mwanawe."

"Ndawaonapo mano."

Ananama. Mano a tauni yonse anali asanawaone. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya masana, ndipo Khitam anawerenga maola pazala, n'kuwerenganso, ngati kuti awonjezeka. Anauza anawo kuti akukatenga mafulasiki a khofi, koma zoona zake ankafuna pobisala kuti alire.

Atalowa m'nyumba anamenyetsa chitseko ndi mkwiyo wonse wa tsikulo, dzanja likadali pomwepo. Chitsekocho chinanjenjemera, kunjenjemerako n'kukwera mpaka m'chigongono. Khitam anaima chilili. Mumsewu monsemo zitseko za panja n'zachitsulo, kupatula chake. Fawzi anakana chitsulo. Ankakhala atatsamira chitseko chimenechi madzulo, kuti mkazi wake akagogoda ndi phazi amve kumsana.

Anatenga hamala ndi msomali m'bokosi la malemu, nayamba kukhoma mahinji kuchokera kunsi.

"Iwe make Sundus, mutu uli bwino?" Anali make Talal, wa khomo loyang'anana nalo, atatulutsa mutu pazenera ndi mpeni wa anyezi m'manja. "Wamasiye kuzula chitseko dzuwa likuswa mtengo? Ukufuna amuna azingolowa osaodira?"

"Amuna ake ati, mumsewu muno? Bwera udzagwire, chikundilemera."

Make Talal anabwera, namva nkhani yonse atagwira chitseko, kukamwa kuli yasa. Kenako anatukwana Radwan ndi makolo ake, n'kupepesa kuti makolowo ndi a Fawzi omwe.

"Zitseko za m'kati mwa nyumba yanga zonse anakonza ndi mwamuna wako," anatero. "Tenga cha kuchipinda. Ine ndi bambo a Talal tikubisanso chiyani pamsinkhu uno? Nkonono?"

Awiriwo anayenda khomo ndi khomo, hamala m'manja. Ena anawatsekera. Mayi wina anati adikire mwamuna wake abwere kuntchito, winanso anafunsa ngati osamvawo sangangoyerekeza kuvina. Koma wogulitsa buledi anapereka ziwiri ndi ngolo yake yomwe, mphunzitsi wopuma ntchito anapereka cha kubafa, ndipo nkhalamba ina imene sinkayankhulana ndi Khitam chifukwa cha madzi a padenga inazula chake yokha. Zinakwana khumi ndi chimodzi. Nthawi inali itadutsa 2 koloko.

Sundus ataona ngolo sanafunse. Anagwada, nagogoda chitseko chilichonse chikhatho china atachigunditsa pamenepo, monga ankachitira bambo ake. Cha kubafa anachikankhira pambali, chinali chofumbwa. Anamasula zogwirira, anyamata n'kuyala mitanda yokhota ija imene Radwan anainyoza. Koma zitseko si matabwa ovinirapo. China chochindikala, china chopyapyala, china chili ndi maluwa osema. Malo ake anangokwana theka la akale.

"Achepetse anthu," Khitam anauza mwana wake. "Wina athyoka mwendo pamenepa."

"Ndichotse ndani? Sankhani ndinu."

Mpata woyeserera sunapezeke. Msomali womaliza ukulowa, anthu anali atayamba kudzaza mipando, akudutsa pamatebulo pomwe a m'bungwe ankaphunzitsa alendo kutchula mayina awo ndi zala. Khitam anagawa khofi maso ali pazitseko mpaka kutayira mayi wina pachovala. Anaona ana asukulu akulozerana zitseko, akugwira pakamwa. Chiseko chinali chitayamba kale ng'oma isanalire.

Radwan anafika atavala mkanjo woyera, nakhala kutsogolo kwenikweni. Atazindikira utoto wobiriwira wa chitseko chapakati anadzuka, namukokera Khitam pambali.

"Chitseko cha m'bale wanga pansi, anthu azichiponda? Nyumba ya banja lathu ili pululu ngati khola? Mwatichititsa manyazi, alamu!"

"Matabwa a m'bale wanu ali kumwamba, chitseko chake chili pansi. Khalani pansi, Hajji, mukutchinga. Kuno anthu amamva ndi maso."

Ovina anakwera, mapewa atagundana chifukwa cha kuchepa kwa malo, Sundus kumutu kwa mzere ndi kansalu ka bambo ake m'dzanja. Khitam ananjuta m'mphepete, nagwira chitseko cha make Talal kuti amve chimene mwana wake amve.

Muayyad anamenya. Kunafika kanthu m'chikhatho, koma kofooka, ngati mtima wa mwanapiye. Phazi la Sundus linachedwa. Kumbuyo wina anaseka, ndipo Khitam anathokoza Mulungu kuti mwanayo sakuyang'ana kumeneko. Ng'oma inaliranso, mzere n'kugwedezeka, theka kumanja theka kumanzere. Pamenepo Sundus anakodola Muayyad ndi chibwano, ndipo mnyamatayo anakoka ng'oma naikhazika pachitseko chobiriwira, pafupi ndi mapazi a mtsikanayo. Anamenya kachitatu. Sundus anatsinzina, nadikira, kenako anaponda.

Di! Mapazi onse pamodzi. Kuponda kwawoko kunayamba kuyenda m'zitseko kuposa ng'oma imene, aliyense akumvera mnzake. Mzere unazungulira, kansalu kakupota m'mwamba, fumbi la zaka likutuluka m'maluwa osema. Chiseko chija chinazima.

Khitam sanasangalale ayi. Ankayang'ana chitseko chake chikupindika pakati nthawi iliyonse Sundus akatera. Anakweza manja kuti amuchenjeze, koma maso a mwanayo anali kwa anthu. Kufuula kukanathandiza chiyani? Podumpha komaliza chitseko chinati thyo! Azimayi anakuwa. Phazi la Sundus linalowa mpaka m'kakolo. Mnzake womugwira dzanja anamutukula, iye n'kulisolola likuchucha magazi, nalumpha mng'aluwo, namaliza gule pachitseko cha wogulitsa buledi, mzere wonse uli naye.

A m'bungwe anakweza manja m'mwamba akugwedeza zala, kuwomba m'manja kwawo. Alendo anayang'anayang'ana, nawonso n'kukweza, bwalo lonse kuchita ngati munda wa tirigu pamphepo. Mmodzi yekha ankawomba zikhatho phwa phwa phwa, kuti onse amuone. Mukumudziwa. Ndipo woyendetsa mwambo, poti analembera kale papepala, anathokoza Hajji Radwan chifukwa cha zokuzira mawu.

Khitam akumanga bala la mwana wake ndi mpango, panabwera mayi wina wochokera kumakomo obisa ana kuja, nafunsa monong'ona kuti bungweli limakumana masiku ati. Khitam atamasulira funsolo ndi manja, Sundus anamuyankha mayiyo ndi zala ziwiri, kutanthauza Lachiwiri, akuseka, thukuta likutsika. Apo m'pamene Khitam analira.

Zitseko zinabwerera kwa eni ake zili ndi zipsera za zidendene. Cha Khitam sichinakonzeke, wochikonza ali kumanda. Pakhomo pake pali bulangete lopachikidwa pamisomali iwiri. Patatha masabata atatu lole inadzakhuthula matabwa aja pabwalo, atakutidwa ndi simenti, obookabooka, ena ong'ambika. Sundus anagogoda lililonse, chikhatho chili pamenepo. Onse akufa. Radwan akuti, "Si ndabweza?"

Tsono inu amene mukuwerenga izi, inu omwe mumamupatsa moni munthu wotereyu pakhomo la mzikiti n'kumuchotsera mpando wa kutsogolo, musandiuze kuti zinatha bwino poti mwanayo anavina. Kumeneko ndiye kubweza? Chaka chamawa Sundus adzavinira pati, pazitseko za ndani? Musayang'ane kumbali. Ndiyankheni.