Chiliko Choyera Sichipemphedwa

Ndinazindikira mu Febuluwale, ndikupita kukatsegulira nkhuku. Pa chitsamba changa cha maluwa, chiliko choyera, mbali yoyang'ana kunjira, panali pothyoledwa. Sinali nkhosa ayi. Nkhosa imatafuna n'kusiya malovu. Apa munthu anachita kudula kanthambi ndi chikhadabo, pansi penipeni pa mfundo, monga amachitira wodziwa chimene akufuna.

"Yasna! Tatuluka udzaone!"

Yasna ndi mdzukulu wanga, ndinamulera ndekha mayi ake atamwalira. Amagwira ntchito kufakitale ya nsomba ku Dalcahue, ndipo chiyambireni kulandira malipiro pakamwa pake padakula. Anatuluka akutafuna buledi.

"Kanthambi kamodzi, agogo? Ine ndimayesa nyumba ikupsa."

"Lero kanthambi, mawa nkhuku, mkuja adzakunyamula iweyo ndi bedi lomwe. Ndipo vala nsapato, mame awa amalowa m'mafupa."

Chiliko chofiira chili ponseponse pachilumba chathu chino, m'mitsinje, m'mipanda, ana amangodya zipatso zake pochokera kusukulu. Koma choyera, chija maluwa ake amalendewera ngati ndolo za mkwatibwi, m'mudzi monse muno chinali changa chokha. Amayi anga anabwera nacho kuchokera kwawo ku Quenac, chili kanthambi kokulunga m'nsanza yonyowa. Nyumba ya kwawoko inagwa kalekale, pamalopo panamera minga. Chotsala chinali chitsamba chimenechi basi.

Amayiwo anachita kuthyola mobisa kwa amayi awo, chifukwa aliyense amadziwa kuti kanthambi kopatsidwa sikagwira. Ukapempha kamafota. Ukathokoza ndiye kamafa sabata isanathe. Kamagwira ndi kakuba. Zimenezo ndikuzidziwa bwino. Koma kuzidziwa sindiye kuti anthu azindibera ine.

Wakubayo sindinachite kumufunafuna. A Eduvigis Barría amakhala kutsidya kwa njira. Anandinyamulira mwana paubatizo, n'chifukwa chake timaitanana kuti akomadre, ngakhale mumtima mulibe zimenezo. Chilimwe chilichonse ankaima pampanda panga n'kumati, "Koma chakongolatu chaka chino," maso ali gwaa ngati galu woona nyama.

Ndinawapeza akuyanika ubweya wa nkhosa.

"Akomadre, munadutsa pampanda panga dzulo?"

"Ndimadutsa tsiku ndi tsiku, akomadre Ubaldina. Njira ndi ya tonse."

"Manja anuwo amadutsanso?"

"Manja ati? Awa a nyamakaziwa? Ine ndi buledi yemwe amachita kundinyemera." Anaseka, dzino lawo lachitsulo lija likung'anima.

Ndinabwerera mtima ukuwira. Ndinakokera mpando pazenera la kukhitchini, ndipo Malichi yense ndinathera pamenepo. Mbatatesi ndinkasendera pazenera, tiyi wathu wa kuno wotchedwa mate ndinkamwera pazenera. Timbalame toyamwa maluwa tinkabwera n'kumanjenjemera m'mwamba pansi pa ndolo zija, koma ine sindinkationanso, ndinkangoona njira. Wodutsa aliyense ndinkamuyang'ana manja. Kutchalitchi ndinasiya kupita, chifukwa a Eduvigis amakonda kutuluka Misa isanathe, ati mawondo.

Mu Epulo ndinapeza nthambi ina ili pansi.

"Ndi mphepo, agogo. Usiku wonse malata amalira, simunamve?"

"Mphepo imeneyo ndikuidziwa. Imavala shawelo yobiriwira."

Pamenepo ndinaganiza zochichotsa pampanda. Meyi atafika ndinauza Yasna kuti adule mgolo wakale wa mafuta pakati, tikumbe chiliko, tichiike pakhomo penipeni pomwe ndingamachione ndili pambaula.

"Mu Meyi, agogo? Si inu nomwe mumati chiliko sichidulidwa chisanu chisanathe? Kuti timitengo touma ndi bulangete lake? Munandikwapulapo chifukwa cha zimenezi!"

"Ndinkatero. Koma chisanu chimabwera kamodzi pachaka, akomadre amadutsa tsiku lililonse. Tenga khasu. Ndipo usaweramire choncho, udzalephera kubereka."

Tinachikumba. Mizu inali itapita kutali, ina mpaka pansi pa njira, ndipo inkaduka ndi kaphokoso kosasangalatsa. Nthambi ndinazidula zonse kufika m'mawondo kuti chikwane mumgolo, ndipo zodulazo ndinaziponya m'mbaula, ngakhale kamodzi osasiya, kuopa kuti wina angatole. Yasna ankafuna kuboola mabowo ambiri pansi pa mgolo. Ndinamuletsa. Awiri akwana. Mbewa zimalowera m'mabowo kukadya mizu, ndani sadziwa?

Kenako mvula ya Juni inayamba, ija yosadziwa kukata. Madzi a padenga ankagwera mumgolo. Mu Julaye kunagwa chisanu choti nkhuku zinakana kutuluka, ndipo pamwamba pa dothi la mumgolo panauma madzi ngati galasi. Ndinachifunditsa shawelo yanga, ine ndemwe n'kumakhosomola.

Seputembala atafika, zofiira za kumtsinje zinayamba kuphuka timasamba. Changa zii. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo kuti ndione kubiriwira. Munali mofiirira, mouma. Ndinakanda pansi, chimodzimodzi. Ndinathira manyowa a nkhosa, ndinathira ndere za kunyanja, ndinachilankhula. Kumapeto kwa Okutobala ndinangochigwira pang'ono, chonse n'kuzuka. Mizu yakuda bii, yonunkha ngati dzira lovunda.

"Mabowo ako aja anali aang'ono!" ndinamukalipira Yasna.

"Anga? Agogo, musandiyambe."

"Achipha ndi a Eduvigis! Akanapanda kutambasula dzanja, bwenzi chili pampanda!"

Yasna anangotenga chikwama chake n'kupita kukakwera basi. Ine ndinakhala pakhomo ndi chitsa m'manja. Sindinalire. Ndinali ndi ukali woti misozi sikanapeza potulukira.

Mu Novembala, tsiku lina akuvula nsapato, Yasna anayankhula osandiyang'ana.

"Ndadutsa kuseri kwa a Eduvigis. Pafupi ndi chitsime pali kachitsamba kofika m'bondo. Kali ndi timaluwa tosatseguka. Toyera."

Ndinadzuka pampando.

"Ndiye mungopita mukapemphe, agogo. Akupatsani."

"Wapenga? Ndikapemphe changa chomwe? Kuti kadzafote m'manja mwanga? Kufakitale kwanuko amakuchotsani nzeru pamodzi ndi matumbo a nsomba?"

M'mawa mwake ndinavala epuloni ya thumba lalikulu, n'kuikamo nsanza yonyowa. Ndinatenga sefa yomwe ndinabwereka kwa a Eduvigis chaka chatha kuti ndikhale ndi chonamizira. Moyo wanga wonse sindinatolepo ngakhale dzira la nkhuku ya mwini. Ndinawoloka njira.

"Odi, akomadre."

"Eee, akomadre! Muli moyo? Ansembe amafunsa ngati tinakuikani osawauza."

Anandikhazika pabenchi kuseri kwa khitchini, dala, moyang'anana ndi chitsime. Kanali pomwepo. Masamba ake aja otuwirako, nthambi zinayi, ndipo yapakati, yonenepa kuposa zonse, itanyamula timaluwa. Chiliko cha amayi anga, pabwalo la wakuba, chikusangalala.

"Ndamva kuti chanu chija chinatisiya," anatero a Eduvigis. "Pepani. Mgolo ndi wa mafuta, akomadre, si wa maluwa."



"Ndikaike madzi a mate," anapitiriza, akudzuka pang'onopang'ono. "Ketulo yanga imachedwa kuwira. Imachedwa kwambiri. Ndipo maso angawa masiku ano, ngakhale munthu atathyola kanthambi kam'mbali, kaja kakang'ono kakumanzereko, sindingaone."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ndinatsala ndekha pabenchi. Mwamva chipongwe chimenechi? Akundipatsa! Akundiloleza, mpaka kundisankhira kanthambi, ngati wopemphetsa pakhomo la tchalitchi. Ndipo kanthambi koloza mwiniwake ndi kakuba ngati? Ndi mphatso yovala chigoba. Kakanafota pasanathe masiku, iwo n'kumadzaima pampanda panga, "Pepani akomadre, dzanja lanu ndi lotentha."

Ndinayang'ana kakumanzere kaja. Ndinayang'ana yapakati.

Ndinagwira yapakatiyo, ya timaluwa, ija ankaidikirira chaka chonse, n'kuikhadzula. Inalira kuti thyo! Ndinaikulunga m'nsanza, n'kuyamba ulendo, sefa n'kuisiya pabenchi.

Ndisanafike pachipata chitseko chinatseguka.

"Mayo ine! Yapakati! Ubaldina, mfiti iwe! Ndinati yam'mbali!"

"Simuona paja, akomadre!"

"Wakuba! Wakuba masanasana! Anthuni, tabwerani mudzaone nkhalamba yopanda manyazi!"

Chikho cha mate chinandidutsa pakhutu n'kukagwera m'ngalande. Manja a nyamakazi aja amaponya bwino ndithu. Agalu anayamba kuuwa, anthu anatuluka m'makomo. Ndinathamanga, ine amene ndimaletsa ana kuthamanga pamatope.

Yasna anandipeza nditagwada pampanda, pamalo akale pomwe. Timaluwa ndinali nditatichotsa tonse kuti mphamvu ipite kumizu, masamba am'munsi ndinapulula, nthambiyo ndinaidula pawiri pansi pa mfundo n'kuzika zonse m'dothi losakaniza ndi mchenga. Kutsidya a Eduvigis anali akadatukwana, atafika pa agogo a agogo anga.

"Agogo, mwachita chiyani? Mudzi wonse ukukamba za inu!"

"Ukuwamva? Akutukwana zenizeni kapena akunamizira?"

Yasna anatchera khutu. "Zenizeni. Akuti pamaliro anu sadzabwera."

"Basi, kagwira."

Ndinatsendera dothi ndi chala. Kenako ndinamuuza kuti akatenge nthambi za mthunzi, dzuwa la masana lingawotche zozikazo, ndiponso kuti asayerekeze kuwapatsa moni wokoma mayi amenewo mpaka titaona tsamba latsopano. Angakhululuke msanga n'kutiphera mbewu.