Khutu la Kumanja la Sagindik-aga

Chaka chilichonse mphepo ya fumbi ikayamba, ndimayeza makutu a anthu ogwira ntchito pa makina opopa gasi kuno kutauni ya Kulsary. Munthu amalowa m'kachipinda ka galasi, n'kuvala zomvera, ndipo akamva kulira amadina batani. Khutu likatsika kupyola mzere wofiira wa papepala, mwini wake sabwereranso kumakina.

Sagindik-aga (aga ndi mawu aulemu amene timaitanira abambo achikulire kuno) anabwera Lachitatu ndi Orazbai, mnzawo wa zaka makumi atatu, amene amayenda kumanja kwawo nthawi zonse. Anandiikira patebulo timibulu titatu ta mkaka wouma, monga amachitira chaka ndi chaka.

"Mlongo, muyezeni bwino gonthi ameneyu," anatero Orazbai. "Dzulo mkazi wake wamuitana kanayi."

"Ndinamva bwinobwino," Sagindik-aga anayankha. "Amafuna ndikamwetse ngamila."

Tonse tikudziwa chimene chinadya makutuwo. Zotsekera m'makutu amapatsidwa, ndipo amavala. Koma amisiri akale sakhulupirira zoyezera za pamakina. Amavundukula khutu limodzi, n'kugunditsa kachitsulo katali pamakina, mbali inayo n'kuika pakhutupo. Amati makina odwala amayamba kubuula masiku atatu zoyezera zisanaonetse kanthu. Khutu lamanzere la Sagindik-aga linatha choncho. Litatha, anasinthira kulamanja.

Atalowa m'kachipinda kaja, ndinatseka chitseko, ndikutchula dzina la Mulungu chamumtima. Anadina koyamba, kachiwiri, kachitatu, osaphonya. Ndinayamba kusangalala, kenako ndinaona kuti maso awo ali paphewa langa. Ndinagwedeza phewalo osatumiza kulira kulikonse. Anadina.

Ndinalowa n'kutembenuza mpando wawo kuti uyang'ane kukhoma. Sanandifunse chifukwa, anangondithandiza kuukoka.

Ndinatumiza kulira. Ndinakweza. Ndinakwezanso. Chala chawo chinali pabatani, chikudikira. Ndinabwereza zonse kawiri, ngakhale lamulo silifuna zimenezo, ndikupempha Mulungu kuti vuto likhale la chipangizo changa. Silinali.

Atatuluka anayang'ana pepala, kenako ine.

"Walemba, mwana wanga?"

"Ndalemba, aga."

"Wachita bwino." Anatembenukira kwa Orazbai. "Koma makina achitatu aja akubuula chiyambire Lolemba. Adzawamvetsera ndani?"

Orazbai anasendera kufupi nawo n'kuyankhula m'khutu lamanja lija, pang'onopang'ono.

"Ndidzamvetsera ine. Undipatse kachitsulo kako, kanga n'kakafupi."

Pepala la Orazbai ndinali nalo m'kabati. Ndinkadziwa kuti chaka chatha makutu awonso anafika pafupi ndi mzere wofiira uja. Ndinatenga zotsekera zatsopano n'kuwapatsa.

"Zonse ziwiri, aga. Ndapota nanu."

"Zonse ziwiri, mlongo," anatero mwaulemu, n'kuziponya m'thumba la malaya.

Ndinawaona pawindo akudutsa pabwalo. Atafika pamene njira imapatukira kumakina, Sagindik-aga anakhota monga mwa masiku onse. Orazbai anawagwira pachigongono n'kuwalondolera kuchipata.