Waya wa a Gogoda

Amene analakwira a Gogoda ndi mkamwini wawo, wogulitsa matayala uja. Anawalakwira Lachisanu masana, mvula ikulira pamalata, mkuluyo atakhala m'kachipinda kawo kakuseri osadziwa kanthu.

Dzina loti Gogoda analitenga kunjanji. Kumeneko anagwirako ntchito zaka makumi atatu, akutumiza mauthenga pogogoda kiyi, kachitsulo kamene ukakadina kamatulutsa mluzu, wina waufupi wina wautali, mpaka mawu kupangika. Pa siteshoni ina yakutali pankakhala mnzawo, a Liwiro, amene ankagogoda ngati akuthamangitsidwa. Awiriwa anaonana maso kasanu kokha moyo wawo wonse, koma aliyense ankalidziwa dzanja la mnzake monga mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake pagulu.

Tsopano onse anali atakalamba. A Gogoda ankakhala kwa mwana wawo wamkazi, telala, m'chipinda chimene kale munkasungidwa makala. Tsiku lina kunabwera foni kuchokera kwa mwana wa a Liwiro, mphunzitsi.

"Bambo anachita sitiroko," anatero. "Pakamwa panakhota, mawu sakutuluka. Dzanja lamanzere lokha ndi limene likugwira. Akufuna inuyo."

Anayesa pafoni pomwepo. A Liwiro ankagogoda tebulo ndi supuni, koma foni inkameza kugogodako, kuno n'kumafika zidutswa zopanda mutu. Atatopa, a Liwiro anaikankha foniyo, n'kulemba papepala mawu amodzi okhotakhota: PAWAYILESI. Iwo anali nayo yawo, yotumiza ndi kulandira. A Gogoda anali ndi yomvera yokha, ndi chiphaso chotumizira mauthenga chimene ankachikonzetsa chaka ndi chaka chifukwa cha liuma basi. Yotumizira inafa kalekale.

Patapita masabata awiri mphunzitsi uja anatumiza kakatoni. M'katimo munali kabolodi kobiriwira, timatumba ta tizipangizo tating'ono ngati mpunga, kawaya ka kopa ndi pepala la malangizo. Ukazilumikiza zonsezo bwino, pamatuluka kawayilesi kotumizira, kamphamvu yochepa kuposa babu la m'bafa, koma kotha kufika kutali mphepo ikakoma.

Ntchitoyo inawatengera masabata atatu. Maso anali atachita chifunga, choncho ankagwirira pansi pa galasi lokulitsa, pafupi ndi zenera. Manja ankanjenjemera, ndiye ankatsamiritsa mkono panjerwa kuti nsonga ya chowotcherera isavine. Akasungunula kadontho ka mtovu ankakayang'ana nthawi yaitali: kakakhala kowala, ankapitirira, kakakhala kotuwa, ankayambiranso. Mitundu ya timizere ta pa tizipangizo sankaisiyanitsanso, ndiye ankaitana mwana wawo.

"Mayi, tandionerako aka."

Telala ankasiya makina ake n'kubwera, tepi ili m'khosi. "Chofiira, chofiira, chabulauni. Bambo, muzipumako. Mukufa nazo izi."

"Ndikafa ndidzapuma."

Tsiku lokulunga koyilo ndi limene mkamwini anasuzumira pakhomo. Kawaya ka kopa kankayenera kuzungulira kamphete kakuda maulendo makumi awiri ndi atatu, osaposa, osachepera. A Gogoda anali pa khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Apongozi, bomba lija lafika pati? Mutiuze tsiku loti tithawe."

Mkuluyo anapitiriza kukulunga, milomo ikuwerenga.

"Anthu akuonana nkhope pafoni, inu mudakali pa gogogo ngati gogomole. Mwafika pa zingati? Khumi? Makumi awiri? Zisanu ndi ziwiri?"

Chiwerengero chinathawa. A Gogoda anamasula kawaya konse, zala zikuwawa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero osadzutsa mutu.

"Nkhonoyo mudzaiona ndi maso ake ati?" Mkamwini anaseka yekha mpaka kubalaza.

Eriyo anawamangira ndi kalipentala woyandikana nawo nyumba, chifukwa mkamwini anati msana ukumuvuta. Unali waya wautali, kuchokera pamtengo wakuseri kukafika pamlongoti wa paipi pakona ya nyumba. Kuchokera pamenepo chingwe chakuda chinkatsika ndi khoma, kudutsa pambali pa dishi ya kanema ya mkamwini, n'kulowera pazenera la a Gogoda.

Lachinayi a Gogoda anamaliza kawayilesi kaja. Sanalumikize eriyo ayi. Pamalo pake anaikapo kababu, n'kumangirira batire, n'kudina kiyi. Kababuko kanayaka. Anadinanso, kanayakanso. Telala anaomba m'manja ngati mwana.

"Nanga bwanji osangotumiza lero?"

"Tinapangana ndi a Liwiro Loweruka, eyiti koloko mmawa. Ndi pamene amakhala ndi mphamvu." Anakaphimba ndi nsalu. "Ndipo tamvera. Aka kali ngati mpope. Mphamvu yake iyenera kukhala ndi potulukira, kaya babu kaya eriyo. Ukadina popanda chimodzi mwa ziwirizi, imabwerera m'kati n'kuwotcha mtima wake. Wina asakakhudze."

Mkamwini anali pamenepo, akutafuna chotokosera m'mano. Anamva zonse.

Lachisanu kunali mpira pakanema, ndipo pabalaza panadzaza anzake a mkamwini. Chigawo chachiwiri chili pakati, kunja kunada, mtambo unatsika, chithunzi chinaima. Kunabuka phokoso. Posakhalitsa chitseko cha a Gogoda chinatseguka popanda odi.

"Zimitsani chinthu chanucho!"

"Batire ili pansi pa bedi, yosalumikiza. Yang'ana kumwamba, mwana wanga. Dishi ndi mtambo sizimwerana madzi."

"Chaka chonse sinavutepo. Mwangomanga waya wanuwo, basi yayamba. Ukuyamwa chithunzi."

"Waya wopanda moto uyamwa bwanji?"

Kubalaza wina anakuwa, "Mwini nyumba ndi ndani kodi pano, iwe kapena apongozi?" Onse anaseka. Mkamwini anamenyetsa chitseko. Kenako mvula inakhuthuka, ndipo a Gogoda sanamvenso china koma malata. Itakata, chithunzi chinabwerera, anthu n'kukuwa mokondwa.

Loweruka a Gogoda anadzuka mmamawa. Anameta ndevu, anavala jekete ndi tayi ngati akupita kuntchito. Telala anali atapita kumsika kukagula nsalu. Kunjanji a Gogoda anali ndi lamulo lawo: usanagogode, yendera waya wako ndi maso ndi manja. Koma kuseri kunali matope oterera, mawondo anali atauma ndi chinyezi, ndipo nthawi inali itatsala mphindi zisanu. Anasuzumira pazenera. Waya unali pamenepo, kuchokera pamtengo mpaka pamlongoti, madontho akulendewera. Anakhala pansi.

Wayilesi yomvera inkangoti sii chapansipansi. Anati mwina ndi nyengo, mwina ndi makutu. Eyiti itakwana anasinthira chingwe ku kawayilesi katsopano, anapuma kamodzi, n'kuyamba kugogoda zilembo zoitanira a Liwiro. Dzanja linakumbukira lokha. Anaitana kamodzi, kawiri. Pachitatu panamveka kuti the, ndipo fungo la pulasitiki yopsa linawafika m'mphuno. Kautsi kopyapyala kanakwera kuchokera pa thiranzisita yaikulu, mtima uja.

Anatuluka osatenga ndodo. Anazungulira nyumba atagwira khoma, nsapato zikumira. Pansi pa dishi anapeza chingwe chakuda chitadulidwa. Sichinaduke chokha: chinadulidwa mosalala, ndipo nsonga zonse ziwiri zinapindidwa n'kubisidwa kuseri kwa paipi ya madzi a padenga, kuti wodutsa asaone.

Anasenda nsongazo ndi kampeni, anazipota pamodzi, zala zikuchucha magazi pang'ono. Atabwerera m'chipinda analumikiza chingwecho ku wayilesi yomvera. Nthawi yomweyo chipinda chinadzaza ndi mluzu.

Anali a Liwiro. Dzanja lamanzere linkakwawa, likupunthwa pa zilembo zimene kale ankaziwulutsa, koma kakhalidwe kake kanali komweko, kodula mluzu womaliza ngati munthu wotseka chitseko mwachangu. Ankaitana zilembo za a Gogoda katatu, n'kudikira. Katatu, n'kudikira.

A Gogoda anadina kiyi wawo. Palibe chinatuluka. Anadinabe, akuyankha ndi chitsulo chakufa.

Kenako kunabwera mawu, chilembo chimodzichimodzi. WAGONANSO PANTCHITO KODI.

Inali nthabwala yawo ya kunjanji. Mkuluyo anadzuka, n'kupita panja pomwe mkamwini ankatsuka galimoto.

"Ndibwereke foni. Ndiwauze kuti ndikuwamva."

"Ndilibe mayunitsi, apongozi." Sanasiye kupukuta galasi.

A Gogoda anabwerera m'chipinda. Mluzu unali ukulirabe, koma mipata inkatalika. NDIKUDIKIRA. Patapita nthawi, zilembo zawo kawiri kokha. Cha m'ma naini kunabwera mawu amodzi, KAYA, ndipo pambuyo pake kunangotsala sii.

Telala atafika anawapeza atakhala pabedi, tayi ili m'khosi, matope mpaka m'mawondo. A Gogoda anamutengera kuseri n'kumuonetsa chingwe chodulidwa chija. Iye anaitana mwamuna wake.

"Ndi makoswe amenewo," anatero mkamwini. "Kapena mphepo ya dzulo."

"Khoswe wake uti woyenda ndi pulayala? Wodziwanso kubisa kuseri kwa paipi?"

"Ndiye mukuti ndine? M'nyumba mwanga momwe?" Anatembenukira kwa mkazi wake. "Ukuwamva bambo ako? Manja akunjenjemera, maso kulibe, mitundu ukuchita kuwawerengera ndiwe. Alumikiza molakwika, chapsa, ndiye akufuna wonyamula mlandu."

"Lachinayi babu linayaka. Unali pomwepo."

"Babu ndi babu. Ngakhale mwana amayatsa."

Telala anayang'ana chingwe, anayang'ana mwamuna wake, kenako anayang'ana pansi.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "musandipasulire banja chifukwa cha waya. Tiitanitsa china."

Anaimbira mphunzitsi uja ali kukhitchini, chitseko chitatsekedwa. Atatuluka anati thiranzisita ina itumizidwa, ifika pakatha masiku khumi.

Madzulo ake a Gogoda anapita kumpanda. Kalipentala ankapala thabwa, ndipo sanadikire kufunsidwa.

"Ndinamuona, madala. Ndinkachotsa matabwa pamvula. Anatuluka atafunda thumba kumutu, pulayala ili m'manja."

"Tiye ukanene pamaso pa mwana wanga."

Kalipentala anapukusa mutu, n'kupitiriza kupala. "Ine ndauza inu. Mukandiitana pagulu, sindinaone kanthu. Madzi ndimatunga pampope wake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mukudziwa nokha."

A Liwiro anamwalira Lachitatu. Mphunzitsi anaimba Lachinayi mmawa, ndipo telala anabweretsa foni kuchipinda, n'kuima pakhomo.

"Pepani, bambo," anatero mphunzitsiyo. "Musadziimbe mlandu. Achemwali anandifotokozera tsiku lomwe lija kuti munalakwitsa polumikiza, manja sakulolanso. Ndinawauza bambo."

A Gogoda anayang'ana mwana wawo. Telala anali akukonza tepi m'khosi mwake.

"Unawauza choncho?"

"Eya, kuti asamaganize kuti mwawaiwala."

"Anati chiyani?"

"Analemba papepala. Ndalisunga. Akuti, 'Wakalamba. Kale sankaphonya.'"

Mkuluyo anabweza foni osatsanzika. Kumaliro sanapite; unali ulendo wa masiku awiri, ndipo mkamwini anati galimoto ili ndi ntchito.

Thiranzisita yatsopano inafika Lolemba la sabata inayo, m'kaenvelopu kabulauni. Tsiku lomwelo mkamwini anabwereka makwerero kwa kalipentala, msana utachira, n'kutsitsa waya wonse kuchokera pamtengo mpaka pamlongoti. Anati palibenso woti apongozi alankhule naye, ndipo ana angakodwepo. Anaukulunga bwinobwino n'kupita nawo kushopu, kumene amamangira matayala. Anthu akamufunsa za wayilesi ya apongozi ake, amayankha kuti mkuluyo anaiwotcha yekha.