Msangu wa Kuseri kwa Loji

Amuna anga a Twaibu ndi munthu wanzeru kwambiri. Mukafuna umboni afunseni eni akewo, akuuzani. Titagulitsa mbuzi zisanu ndi firiji yanga ya mafirizesi kuti tiyambe bizinesi yodula ndi kusadza mitengo, ndinawalembera zinthu zitatu pakapepala: tcheniso yaing'ono yoti munthu n'kukwera nayo mumtengo, chingwe cholimba, ndi lamba wodzimangirira. Anapita ku Lilongwe n'kubwerako ndi chimakina chimodzi chija amachekera matabwa, mpeni wake kutalika kufika m'chiuno mwanga. Chingwe panalibe, lamba panalibe.

"Nanga zinazo zili kuti?" ndinafunsa.

"Iwe Saida, kasitomala akamva kulira kwa ichi adziwa kuti pabwera mwamuna. Kakang'ono kaja n'kodulira chinangwa."

Chinaliradi. Miyezi inayi chinalirira mitengo ya mango ya anthu a kwa Maganga, amene amalipira ndi nkhuku kapena ndi zikomo. Aliyense wotiitana kuti tichotse nthambi imodzi ankatsala ndi chitsa, poti chimakinacho ntchito chinkaidziwa imodzi yokha, kugwetsa.

Kenako kunabwera a Godwin, manijala wa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Kuseri kwa lojiyo kunali msangu wautali, ndipo nthambi yake imodzi, yonenepa ngati mgolo, inaweramira padenga la zipinda za alendo. Iwo ankafuna nthambiyo ichoke. Tikagwira bwino, anati, atitchula kwa anzawo a maloji ena atatu. Koma abwana awo salipira munthu wopanda nambala ya msonkho, ija amati TPIN.

A Twaibu atamva mawu akuti msonkho, mutu unayamba kuwapweteka pompo. "Boma likangokudziwa dzina silikuiwalanso," anatero atagona pamphasa. Mwamuna wa chimakina uja. Ndinavala hijabu yanga ya ku ukwati, kukwera kabaza, kukwera minibasi, mpaka kuboma. Ndinaima pamzere ndi chiphaso changa cha unzika, ndinadzaza mafomu, ndinabwererako kawiri chifukwa ndinaiwala fotokope. Pepala litatuluka linali ndi dzina limodzi lokha la mwini bizinesi, langa. Sindikubisirani, ndinanyada. Ndinaligulira felemu n'kulipachika pabalaza pamwamba pa wailesi, pamene mlendo aliyense sakanalephera kuliona.

Mlendo woyamba anali bambo anga, Che Nasir, ndipo iwo analephera. Maso awo anachita ng'ala kalekale. Analisisita ndi chala n'kunena kuti, "Alhamdulillah, m'banja muno mwabadwa munthu amene boma likumufuna asanabe kanthu." Pakamwa pangapa ndinatengera iwowo.

Tsono mumve za msangu uja, chifukwa ine ndinkaudziwa bwino kuposa a Godwin. Ababa ndi msodzi wa mbedza, ndipo ali ndi chirundu chawo, miyala ya pansi pa madzi pamene pamagona kampango. Pamwamba pa madzi palibe chizindikiro chilichonse. Amapalasa bwato mpaka nsonga ya msanguwo itakhala ndendende pampata wa mapiri awiri akumtunda, basi aponya mbedza. Ndili mwana anandionetsa okha, atandigwira mutu n'kunditembenuza. Kale anali ndi zizindikiro zambiri, denga la mzikiti, migwalangwa iwiri, koma ng'ala inazidya chimodzichimodzi. Chinatsala ndi chimtengo chakuda chija, chifukwa chinali chachikulu moti ngakhale maso awo ankachipeza. Ndi mtengo umenewo ankadyera, osapempha mwana aliyense, ndipo kupempha amadana nako kuposa imfa.

Ndinadziuza kuti palibe vuto. Nthambi imodzi yam'munsi, nsonga ikhala pomwepo. Ababa sindinawauze n'komwe.

Lachinayi m'mawa tinafika palojipo, chimakina chili panjinga. A Twaibu anabwereka chingwe chakale cha khoka, chonunkha usipa, n'kukwera opanda nsapato mpaka pamphanda yoyamba. Ine ndi mlonda wa pageti tinawakwezera makinawo, tonse thukuta kamukamu. Atawalandira anazindikira chinthu chimene ndinalemba pakapepala miyezi inayi yapitayo: munthu ali ndi manja awiri. Makina ankafuna onse awiri, mtengo nawo unkafuna limodzi. Anayesa kukoka chingwe cholizira, phazi linaterereka, anakumbatira thunthu ngati mwana pamsana pa amake, akutchula maina a Mulungu amene sindinawamvepo akutchula ngakhale pa Ramadani.

Atatsika anati, "Makina ali bwinobwino. Mtengowu ndiwo unamera molakwika."

"Yesani ndi nkhwangwa," ndinatero.

"Ndi nkhwangwa, mayi, ndiye kuti igwera padenga langa," anayankha a Godwin. "Chingwe cha usipacho sichingatsitse nthambi imeneyo. Alendo akubwera Loweruka. Ku Lilongwe kuli anyamata a zipangizo zonse, ndikaimba foni mawa afika. Apo ayi, gwetsani wonsewo, ugwere kutchireku. Chilolezo cha a zankhalango ndili nacho kale."

Nkhope ya a Twaibu inawala ngati awauza kuti apita ku Maka. "Kugwetsa? Bwana, mukananena kale."

A Godwin analowa mu ofesi n'kutuluka ndi pepala latsopano la ntchito. A Twaibu anapukuta manja pamalaya, kukonzeka. A Godwin anawadutsa n'kupereka cholembera kwa ine.

"Eni bizinesi asaine apa."

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti sindinadziwe, kapena kuti anandikakamiza. Palibe anandikakamiza. Ndinayang'ana nsonga ya msangu, ndinayang'ana kunyanja kumene kabwato ka ababa kanali kadontho. Ndinaganiza za firiji yanga imene tsopano ikuzizira m'nyumba mwa Ester amene anaigula, za mbuzi zanga, za maloji atatu aja, za anyamata a ku Lilongwe amene akanachotsa nthambi yokhayo bwinobwino n'kutenga ntchito zonse za gombe lino. Ndinadziuza kuti ababa akalamba, akuyenera kupuma. Ndi mawu okoma amenewo, mwana wabwino aliyense amakhala nawo pafupi. Ndinasaina, ndipo ndinasaina mokongola, ndi kamchira kumapeto.

Chimakina chija chinapeza ntchito imene chinabadwira. Sipanathe theka la ola, msangu unalira, unapendekeka, unagwa, nthaka n'kugwedezeka mpaka m'mano. A Twaibu anakwera pachitsa kuti mlonda awajambule. A Godwin analemba nambala yanga ya msonkho palisiti mosamala, manambala onse, osaphonya ndi imodzi yomwe.

Lachisanu ababa anabwerako kunyanja swala ya masana, pemphero lathu lija, isanakwane, bwato lili mbee. Loweruka chimodzimodzi. Lamulungu sanapite. Amayi anandiuza pachitsime kuti amangozungulira pamadzi, kuponya mbedza pamchenga, kusuntha, kuponyanso. Ndinawatumizira ufa ndi mafuta ophikira. Anabweza.

Lolemba masana anafika kwathu akufufuza njira ndi ndodo. A Twaibu, mwamuna wolimba mtima uja, anakumbukira mwadzidzidzi kuti makina akufunika oilo wa ku Salima, n'kutulukira khomo lakuseri. Ababa anakhala pakhonde. Ndinawapatsa madzi, anamwa pang'ono.

"Anthu akuti mkamwini wagwetsa msangu," anatero.

"Ndi choncho, ababa."

"Ine ndawauza kuti Twaibu musamunene. Twaibu sanakwerepo bwato langa. Mtengo kwa iye ndi nkhuni zimene sizinagwe." Anatembenuzira maso oyera aja kwa ine. "Mlonda wa paloji akuti panali pepala losaina."

Pakamwa panga paja, pamene pamayankha aliyense kuyambira kondakitala mpaka shehe, panathawira ku nkhani ina. Ndinati ntchito ikubwera yambiri tsopano, ndizikupatsani chilichonse, simusowa kanthu, simufunikanso kuvutika ndi nyanja.

"Eya, ndamva. Ndizibwera ndi kambale." Anaimirira n'kupapasa ndodo yawo. "Pepala lako la boma lija likadali pamwamba pa wailesi?"

"Lilipo, ababa."

"Pamenepo m'pafupi kwambiri, mwana wanga. Ukalipachike pamtengo wautali kuseri kwa loji kuja, mwina ndiziliona ndili panyanja."

Anatsika masitepe awiri a pakhonde okha. Nditatambasula dzanja kuti ndiwagwire, anasuntha chigongono.