Zomwe Gerishomo Anaphunzitsa Kabawi

Kuyambira ku Kachulu mpaka kumene mtsinje wa Likangala umathira m'nyanja ya Chilwa, kunalibe munthu wodziwa mbalame ngati Gerishomo. Ndipo mwini wake sankabisa ayi, ankadzitama nazo mpaka anthu kutopa naye. Anali bambo wamfupi, wa mapazi ong'aluka ndi matope, wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Koma mukangomukweza m'bwato n'kulowa naye m'mabango, ankatha kukuuzani kuti kuseri uko kuli atsekwe asanu ndipo mmodzi ngothyoka phiko. Mukapita kukaona, n'kupezadi zili momwemo. Ana ake anakulira nyama ya misampha ndi ulimbo.

Chaka cha 1991 mkamwa mwa Gerishomo munali chinthu chimodzi chokha chimene sankadzitama nacho. Tsidya la nyanja, ku Mozambiki, nkhondo inali isanathe, ndipo mphwake Bizweki, mwana wa mlongo wake Alefa, anali atagwidwa kumeneko ndi anthu amfuti n'kusenzetsedwa mfuti zaka zitatu. Tsiku lina anaitaya m'dambo n'kuthawa. Amene anawathawawo sanamuiwale, pakuti Bizweki ankadziwa kumene iwo anakwirira zida zawo. Anthu achilendo anayamba kufunsa za iye m'misika ya nsomba. Alefa anagwira dzanja la mwana wakeyo, munthu wandevu kale, n'kuliika m'dzanja la Gerishomo, nanena kuti malume ndiye mwini mbumba, aone yekha chochita.

Gerishomo anachitadi. Anamumangira chimbowera, kanyumba koyandama kaja asodzi amamanga ndi udzu wa m'madzi, koma iye anakamanga mkati mwenimweni mwa mabango, kumene ngakhale ng'ona ikanafunsa njira. Kawiri pa sabata ankamupititsira mpunga, mchere ndi fodya, akunamizira kukaonja misampha.

Kupatula Alefa, munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa, Fanuelo. Ameneyu anavinidwa limodzi ndi Gerishomo, anagona mphasa imodzi kusimba, kenako iye anapitiriza sukulu n'kukapeza ntchito ku Zomba. Bizweki atadwala malungo mpaka kubwebweta, Gerishomo anapalasa njinga kupita kutauni, n'kumuululira Fanuelo zonse. Fanuelo anagula mankhwala tsiku lomwelo, ndipo analira nawo. Misozi yeniyeni, abale, yotsika mpaka m'khosi.

Patapita miyezi iwiri Fanuelo anatulukira ku Kachulu pagalimoto yoyera, ali ndi mzungu wofiira ndi dzuwa, amene anthu sanachedwe kumupatsa dzina loti Bwana Mawaya. Anatsitsa bokosi, m'bokosimo n'kutulutsa chinthu chachitsulo cha msinkhu wa tambala, chamapiko, chokhala ndi diso limodzi lagalasi kumimba. Mzunguyo atakanikiza kabatani, chinthucho chinanyamuka chokha, popanda chingwe, popanda munthu mkati, n'kukaima m'mwamba duu, osagwedezeka. Amayi oyanika matemba anathawa n'kusiya nsomba pathandala. Pofika madzulo, dziko lonse linkakatcha Kabawi.

Fanuelo anafotokozera mnzakeyo kuti bungwe lawo labwera kudzawerenga mbalame za m'nyanjamo. Anati kunja kukumveka mphekesera zoti mbalame zatha ndipo osaka aletsedwe, ndiye Kabawi akawerenga bwino, aliyense aona kuti zilipo zambiri. Vuto lake linali loti Kabawi anali ndi diso koma analibe nzeru. Ankafunika mphunzitsi, ndipo mphunzitsi woposa Gerishomo akanachokera kuti?

Gerishomo anamukokera kuseri kwa galimoto n'kumufunsa motsitsa mawu. "Achimwene, kanthu kanuka sikakamuona mwana uja?"

"Kamaona za nthenga zokha," anayankha Fanuelo. "Ine ndingakupusitseni inu? Tinatuluka simba limodzi ife."

Basi, ntchito inayamba. M'mawa uliwonse ankalowa m'bwato atatu, Gerishomo akukankha ndi nsungwi, Fanuelo akutanthauzira, Bwana Mawaya atakumbatira kabokosi kagalasi momwe munkaoneka zonse zimene Kabawi ankaona kumwambako. Gerishomo akaloza kadontho n'kunena kuti uyu ndi kakowa, uyu ndi nadititi, mzunguyo ankakanikiza, ndipo Kabawi sankaiwalanso. Sabata yoyamba kankasokoneza bakha ndi chitsa. Sabata yachitatu kankagwira mbalame imene Gerishomo mwini sanaione, ndipo iye ankaseka mokondwa ngati bambo amene mwana wake wayamba kuyenda.

Apa ndinene chilungamo, pakuti Gerishomo ndimamukonda koma mlandu wake sindingaubise. Moyo wake wonse panalibe munthu wa nsapato amene anamufunsapo kanthu n'kulemba yankho lake. Tsopano mzungu ankalemba chilichonse, ngakhale chifuwa akatsokomola. Mutu unakula. Ndiye tsiku lina Bwana Mawaya atafunsa ngati mbalame zimasintha khalidwe zikakhala pafupi ndi munthu, kuti Kabawi asamalakwitse powerenga, Gerishomo anakhala pansi m'bwato n'kukhuthula zonse.

Anati mlendo akalowa m'mabango ndi wosavuta, mbalame zimangouluka balala, ngakhale chitsiru chingaone. Luso lili pa munthu amene wakhalitsa, amene mbalame zamuzolowera. Ameneyo sizimuthawa, koma zimamuzungulira. Nadititi saika chisa pafupi ndi pogona munthu, amasiya mpata wa mabwato atatu. Akakowa amasonkhana mbali imene munthu amatayira matumbo a nsomba. Mpheta zimabwera m'mawa kumene amatsukira mpunga, ngakhale pamalo pamene sipamera mpunga. Ukaona zitatuzi pamodzi, pakati pake pali munthu, kaya akoleze moto kaya asakoleze. Fanuelo anatanthauzira mawu onsewo osasiyako ngakhale limodzi, maso ali pamadzi.

Chinthu chimodzi chokha Gerishomo anachenjera nacho. Mbali ya kumwera kwa Likangala, kumene kunali chimbowera cha Bizweki, sankawapititsako. Ankati kumeneko madzi ngochepa, bwato lingatitimire m'matope, ndipo mbalame kulibe. Palibe anamutsutsa, ndipo iye ankadziona ngati wochenjera kwambiri.

Lachisanu lina Fanuelo anamuuza kuti kukubwera alendo odzaona ntchito, abwere atasamba. Gerishomo anavala malaya ake akutchalitchi. Alendowo anafika dzuwa lili pamutu, osati padoko la Kachulu pamene pali anthu, koma pagombe lina lopanda nyumba. Ena anabwera pagalimoto, azungu awiri ndi munthu wina wamagalasi akuda. Ena anayi anabwera paboti yainjini kuchokera kum'mawa. Anavala ngati ogula nsomba, koma nsapato zawo zinali za asilikali, ndipo ankalankhulana Chipwitikizi. Gerishomo anakumbukira anthu achilendo aja ankafunsa za mphwake m'misika ya nsomba.

Bwana Mawaya anaima kutsogolo n'kuyamba kulankhula Chingerezi. Gerishomo anakoka malaya a Fanuelo kuti amuuze zimene zikunenedwa. Fanuelo anayamba wakana, kenako anatanthauzira ndi mawu ouma, osamuyang'ana. Mzunguyo ankati nkhondo zam'tsogolo sizidzafuna msilikali woyenda pansi n'kumaponda mabomba. Ankati kuyambira kale wofooka amapulumukira kuthengo, m'phiri, m'dambo, ndipo ankhondo amphamvu amagonja chifukwa chosowa womuwombera. Tsopano thengo lomwelo lidzayamba kuulula anthu ake. Lero Kabawi ndi mmodzi ndipo amangoona. Mawa adzakhala chikwi, aliyense atanyamula chake, ndipo woziyendetsa adzakhala mu ofesi akumwa tiyi. Kuti alendo akhulupirire, m'dambo limeneli muli munthu amene wabisika miyezi isanu, ndipo wabisidwa ndi katswiri woposa onse.

Kabawi ananyamuka. Sanazungulire n'komwe, analunjika kumwera kwa Likangala.

Gerishomo anafuna kuthamanga, koma athamangire kuti? Bwato lake linali ku Kachulu, ndipo ngakhale likanakhala pomwepo, nsungwi singapikisane ndi injini. Anangoima pamenepo, akuona pagalasi paja madontho oyera a akakowa ataunjikana mbali imodzi, timadontho ta mpheta mbali ina, ndi mpata wopanda chisa pakati. Kabokosi kanalira kamodzi n'kujambula mzere wofiira kuzungulira mpatawo. Alendo anawomba m'manja. Anthu a nsapato aja analowa m'boti yawo.

Ndipo pamene injini inkazilala m'mabango, Gerishomo anatembenukira kwa mnzake uja. Sanakuwe. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, ngati a munthu wodwala.

"Munadziwa kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku la mankhwala lija," anatero Fanuelo. "Azunguwa ankafuna malo oyesera, ndi munthu wobisala zenizeni, osati wongoyerekeza. Ine ndinangotchula kuti ndikudziwa kotere. Mawu atatuluka sindikanathanso kuwabweza."

Anapitiriza kulankhula, poti anthu otere salephera kulankhula. Anati akanakana iye akanavomera wina. Anati nkhondo ikatha msanga ndi zida zoterezi, anthu ambiri apulumuka, ndiye munthu mmodzi n'chiyani. Anati wamulankhulira kwa bwana kuti Gerishomo apite nawo kumayiko ena kumene kulinso madambo, akakwera ndege. Ndege! Munthu wakuba mwana wa mlongo wako m'manja mwako, n'kumakulonjeza ndege. Gerishomo anamuyang'ana nkhope ija anaidziwa zaka makumi anayi, akufunafuna pamene bodza linkakhala nthawi yonseyi, koma nkhope inali yomweyo. Chimenecho ndicho chinamuwawa koposa.

Boti inabwerera pasanathe ola. Bizweki anali chigonere pansi m'botimo, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe cha ukonde, mlomo utang'ambika. Anamuimiritsa pagombe kuti alendo amuone bwino, ndipo wamagalasi akuda uja anamuzungulira kawiri akugwedeza mutu mokhutira. Kabawi anatera pambali pake, n'kupinda mapiko.

Bizweki anaona malume ake m'gulumo ndipo nkhope yake inamasuka pang'ono. Ankayesa kuti nawonso agwidwa chifukwa cha iye, ndiye anayamba kupepesa. Ananena mofulumira, magazi akudontha pachibwano, kuti masana sanakolezepo moto, wailesi imene malumewo anamusiyira sanaitsegule, ndipo sanatulukepo m'chimbowera ngakhale tsiku lija anamva ng'oma za ukwati kumtunda.

"Amalume, ndikhululukireni. Ndalakwitsa pati?"

Gerishomo akanatha kukhala chete. Akanatha kuloza Fanuelo, ndipo silikanakhala bodza. Koma mwanayo ankapita kumene anthu sabwerako, ndipo sakanamulola kupita atasenza mlandu umene sunali wake.

"Sunalakwitse paliponse, mphwanga," anatero. "Kanthu ako ndinakaphunzitsa ndine."

Bizweki anayang'ana Kabawi, n'kuyang'ana malaya akutchalitchi aja, n'kuyang'ana azungu amene malume ake anaima nawo mbali imodzi. Gerishomo anatsegula pakamwa kuti afotokoze za kuwerenga mbalame, za lumbiro la Fanuelo, za zonse, koma mmodzi wa anthu a nsapato anali atakoka kale chingwe. Bizweki analowa m'boti yekha, osakankhidwa, n'kukhala pansi atafulatira gombe.

Gerishomo analowa m'madzi mpaka m'chiuno akumuitana dzina, n'kumuitananso ndi dzina laubwana limene mayi ake okha ankamuitanira. Injini inali isanalire, moti Bizweki anamva bwinobwino. Sanacheuke.